MBIRI YA KAFUFUZIDWE KA NSOMBA ZA M'NYANJA YATHU

Lero sindinena za mpunga kapena cinangwa ai, koma za nyanja imene itipatsa ndiwo.

Kodi mudziwa kuti mtundu wina wa cambo uli ndi dzina la dziko lanu? M'caka ca 1939 Boma linaitana akatswiri atatu a ku Ulaya, Bertram, Borley ndi Mai Trewavas, kuti adzaone nsomba za m'nyanja muno. Pambuyo pace, mu 1941, Mai Trewavas analemba za mtundu umenewu wa cambo, naucha "karongae", ndiko kunena ca ku Karonga. Kufikira lero ophunzira a pa dziko lonse auchula ndi dzina lomwelo.

Nchitoyo siinathere pomwepo. Kuyambira 1945 kufikira 1947 Mai Rosemary Lowe anakhala pakati pa asodzi, namayesa cambo ndi kuona makuliro ace ndi maswedwe ace. Mu 1954 akatswiri ena anayamba nchito pa Nkhata Bay, nafufuza mbali yathu ino ya kumpoto. Onsewa anagwira nchito m'njira imodzi: kuwerenga, kuyesa ndi kulemba m'buku, kuti obwera m'mbuyo adzathe kulinganiza za lero ndi za dzulo.

Kulinganizako kwaonetsa zomvetsa cisoni. Nchila, imene makolo anali kuikola yambiri, inacepa ndithu. Ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linalengeza kuti cambo ca karongae ciri pafupi kutha.

Cifukwa cace si makoka okha. Mpasa umacoka m'nyanja nthawi ya mvula kukaswera pa timiyala ta m'mitsinje monga Rukuru. Tikadula mitengo ku mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, dothi limatsika nilikwirira timiyalato, mazira naonongeka.

Tsono pafika mdani wina amene akatswiri a 1939 sanamuone, ndiye pulasitiki. Jumbo yotayidwa pa msika imagwera m'ngalande, ngalande ipereka ku mtsinje, mtsinje upereka ku nyanja. Siiola monga tsamba la nthoci. Imangoduka tizidutswa tating'ono timene nsomba zikhoza kumeza. Ukonde wa nailoni wotayika umapitiriza kukola nsomba wopanda mwini. Inu oweta mudziwanso kuti ng'ombe yomeza majumbo imaonda pang'onopang'ono.

Mu 2015 Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma microns 60. Eni mafakitale anakasuma, koma mu 2019 bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula kuti lamulolo likhale. Komatu lamulo liribe maso. Maso ace ndinu.

Cifukwa cace ndipempha nyakwawa aliyense wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Songwe kufikira ku Chilumba, acite monga anacitira akatswiri aja. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, mutole zinyalala pa dooko lanu, muwerenge matumba amene adzaza, ndipo mwana wa sukulu alembe m'buku. Caka cikatha mudzadziwa ngati zikucepa kapena kucuruka, ndipo mudzakhala ndi mau enieni okanena kwa alangizi a za nsomba.

Madzi akatayika saoleka.