Kukumbukira Pulofesa Molyneux ndi anzawo a ku Gulupu

Amayi anzanga a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, mukudziwa kuti mvula ikagwa, tiyi akaphukira, malungo nawo amavuta. Mukabwera ndi mwana wokomoka, timakupemphani kuti muyendetse nkhope yanu pamaso pake, kenako timamufinya chala. Ena mumadabwa, ena mumakwiya. Lero ndikuuzeni kumene zimenezi zidachokera.

Pulofesa Malcolm Molyneux adafika ku Malawi mu 1974 ngati dokotala. Mu 1986 adayamba kafukufuku wa malungo a mu ubongo pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija timati ku Gulupu, pamodzi ndi Dr Terrie Taylor. Vuto lidali ili: njira yoyezera kukomoka idapangidwira akuluakulu oyankha mafunso. Nanga mwana wosadziwa kulankhula mumufunsa chiyani?

Mu 1989, iwo awiri ndi Dr Jack Wirima komanso Dr Borgstein adafalitsa njira yotchedwa Blantyre Coma Score. Timayang'ana zinthu zitatu: kodi maso akutsatira nkhope ya mayi, kodi mwana akuchita chiyani akamva kuwawa, ndipo akulira motani. Mwana amene ali maso bwinobwino amapeza 5. Akapeza 2 kapena kutsika apo, ndiye kuti wakomoka kwambiri ndipo sitichedwa. Njirayi siifuna magetsi kapena makina, n'chifukwa chake ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndi dzina la mzinda wathu.

Mu 1995 a Molyneux adatsogolera kukhazikitsidwa kwa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe laphunzitsa asayansi ambiri a Chimalawi. Adatisiya mu Novembala 2021. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Koma mutu umodzi susenza denga. Ndikuthokoza anamwino amene ankachezera pambali pa mabedi usiku wonse akulemba zonse zimene akuona, a mu labu amene ankawerenga tizilombo m'magazi, makamakanso amayi amene adalola kuti madokotala aphunzire pa ana awo ali pakati pa moyo ndi imfa. Mayina awo sitikuwadziwa, koma ana athu akupindula nawo.

Tsono amayi, tiwathokoze motere: mwana akatentha thupi, kamuyezetseni tsiku lomwelo, ngakhale dengu lisadadzaze. Akachita linjirinjiri, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa, kapena maso ake akasiya kukutsatirani, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Ndipo usiku uliwonse, agone mu neti.