Mphero, Mtondo ndi Chigayo m'Chigwa cha Chongwe

Inu amene mumasenza chimanga kunka nacho kuchigayo, kodi munayamba mwadzifunsa kuti mphamvu imene imakugayirani ufa imachokera kuti? Tiyeni lero tifufuze nkhaniyi m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, umene umadutsa m'dziko la Asoli nukathira mu Zambezi.

Kalekale makolo a m'chigwa chimenechi ankadalira mapira ndi mawere. Amayi ankagwada pamphero napera ndi mwanamphero. Chimanga chitafala, ntchito yaikulu inasamukira pamtondo ndi munsi. Mphamvu yonse inali ya m'mikono ya amayi.

Kutsidya kwa nyanja anthu anapeza nzeru ina. Aroma ankamanga gudumu lalikulu pamtsinje. Madzi ankazunguza gudumulo, ndipo ilo linkatembenuza mwala woperera tirigu. Ku England, kalembera wa mu 1086 wotchedwa Domesday Book anapeza zigayo zoposa 5,000. Koma chigayo chotere chimafuna madzi oyenda chaka chonse. Mtsinje wa Chongwe umasefukira m'dzinja nuchepa kwambiri m'chilimwe, nthawi imene nkhokwe zili zodzaza. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene gudumu lamadzi silinafalire m'midzi yathu. Chimene chinadzapumitsa amayi ndicho chigayo cha dizilo.

Komabe madzi anafika ndithu pa ufa wanu, modzera njira ina. Mu 1925 mtsinje wa Mulungushi unayamba kupereka magetsi ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Mu 1959 khoma la Kariba linatha kumangidwa pa Zambezi. Tsono chigayo chamagetsi chikamalira pamsika wa Chongwe, dziwani kuti gudumu lija lilipo. Langokhala kutali, ndipo mphamvu yake imabwera pawaya.

Chilala cha mu 2024 chinatikumbutsa zimenezi mowawa. Mu February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Chimanga chinauma m'minda, madzi anachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo zigayo zinkangokhala duu.

Choncho pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ikupempha mvula pamwambo wa Chakwela Makumbi, musaganize za munda wokha. Mvula imene imameretsa chimanga ndiyonso imachigaya. Amene akudula mitengo m'mbali mwa mtsinje kuti awotche makala aganizirepo bwino, pakuti akuchepetsa nsima ya mawa.