Belu likalira: mbiri ya makalabu ndi maphunziro osankha m'makomboni a Lusaka

Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, nzika zimene zinali ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo migodi ya kopa inkadalira mainjiniya obwera. Boma la Kenneth Kaunda linali pa changu, maola a m'kalasi osakwana, choncho maso anagwera pa nthawi ya masana, ana akaweruka. Kuyambira apo, nkhawa iliyonse imene yagwira dzikoli yakhala ikutulidwa pa masana a mwana wa sukulu.

Yoyamba inali ya sayansi. Mu 1968 munayamba JETS, makalabu a ana ofuna kudzakhala mainjiniya ndi asayansi. Mwana ankatola mawaya, zitini ndi mabatire akutha n'kupanga chinthu choti akachionetse pa mpikisano wa pasukulu, ndipo chikakoma chinkapitirira mpaka kuchigawo ndi kudziko lonse. JETS ilipobe mpaka lero. Mu 1972 bungwe loteteza nyama zakutchire linayambitsa makalabu a Chongololo, okhala ndi magazini yawoyawo, kenako pulogalamu ya pa wailesi. Ana a ku Matero amene anali asanaonepo njovu anadziwa za nkhalango za Luangwa ndi Kafue kudzera m'menemo.

Komabe makomboni sanali ofanana. Matero anamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika 1966 anali ndi sekondale ya Matero Boys ya Akatolika. George ndi Chawama anali malo amene boma linkawaona ngati osaloledwa. Lamulo la 1974 ndi limene linatsegula njira yoti avomerezedwe, ndipo ngongole ya World Bank inabweretsako misewu, mipopi ndi sukulu zingapo. Kalabu imafuna kaye sukulu, choncho ana ambiri a kumeneko zonsezi ankangozimvera kwa anzawo.

Kenako mtengo wa kopa unagwa. Mu 1975 Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse izilima kapena kuweta, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya 1977 inatsindika zomwezo. Madimba a repu ndi tomato, makola a nkhuku ndi akalulu zinadzaza kuseri kwa makalasi. Kumidzi zinali zomveka. Koma ku Kanyama, kumene pansi ndi mwala wokhawokha ndipo mvula ikagwa madzi amakhala osaphwa kwa masabata, dimba linali chintchito, madzi othirira ochita kukatunga pa mpopi umodzi ndi amayi a m'komboni. Ambiri amene anaphunzira nthawi imeneyo amakumbukira khasu ndi chikwakwa ngati chilango cha wochedwa, osati phunziro.

Chaka cha 1987 chinabweretsa kalabu ya mtundu wina. Kaunda anaulula poyera kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi Edzi, ndipo chaka chomwecho dokotala wina wa mu Lusaka, Kristina Baker, anayambitsa makalabu olimbana ndi matendawa m'sukulu. Anafalikira msanga. Ana a Giredi 8 ndi 9 ankapeka nyimbo, ndakatulo ndi masewero, n'kumanena pa bwalo la sukulu nkhani zimene kunyumba zinkasiyidwira ankhoswe ndi alangizi. Makolo ena ananyansidwa nazo, koma maliro anali atachuluka moti zoletsa zinavuta. Zisudzo za m'sukulu zinapeza mphamvu pamenepo, ndipo masiku ano zimakumana pa mipikisano ya bungwe la NASAAZ pamodzi ndi makwaya ndi magule.

Chimene chinafooketsa makalabu m'makomboni si lamulo ayi, koma kuchuluka kwa ana. M'zaka za m'ma 1990 boma linalibe ndalama zomangira sukulu, pomwe anthu ankangothirikira mu Lusaka. Chipinda chimodzi chinayamba kulandira magulu awiri kapena atatu pa tsiku. M'masekondale munabwera makalasi a masana olipira, otchedwa APU, amene ankawonjezera kangachepe m'thumba la aphunzitsi. Mphunzitsi amene kale ankatsala ndi ana a JETS tsopano anali ndi choko m'manja mpaka dzuwa kupendeka. Sukulu zoyambitsidwa ndi anthu eni ake, zophunzirira m'matchalitchi ndi m'nyumba zalendi, zinalibe ngakhale poponyera mpira. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 2002, pa nthawi ya Levy Mwanawasa, sukulu zambiri zinamanga makalasi owonjezera pamene panali dimba kapena mbali ya bwalo. Palibe amene angadzudzule sukuluzi: mwana wopanda pokhala m'kalasi ndiye woyamba kumuganizira.

Mpatawo unatsekedwa ndi a kunja kwa mpanda wa sukulu. Sport in Action inayamba mu 1998, EduSport mu 1999, ndipo onsewa ankaphunzitsa achinyamata a m'komboni momwemo kuti azitsogolera anzawo pa mpira, uku akukambirana za Edzi. Pulogalamu ya EduSport yotchedwa Go Sisters inakokera atsikana pa bwalo. Barefeet Theatre inayamba mu 2006 ndi ana a m'misewu, ndipo anyamata a ku Chibolya, pafupi ndi Kanyama, anayambitsa Circus Zambia, yophunzitsa ana kugudubuka ndi kusanjikizana m'mwamba. Mu 2010 bwalo la Olympic Youth Development Centre linatsegulidwa m'mbali mwa Great North Road. Barbra Banda, amene anakulira ku Mtendere n'kukagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, anakulitsa luso lake ku Bauleni United Sports Academy, timu ya m'komboni.

Boma linabwereranso ku nkhaniyi ndi ndondomeko ya 2013, imene inayamba kugwira ntchito mu 2014. Ulendo uno zamanja zinalowa m'kalasi mwenimweni. Mwana wa Giredi 8 anapatsidwa njira ziwiri, ya mabuku ndi ya luso. Mu ya luso munali ulimi, umisiri, zophikaphika ndi kusamalira alendo, nyimbo ndi zojambula, komanso masewero olimbitsa thupi, ndipo wochita bwino ankatha kulandira setifiketi ya luso ya bungwe la TEVETA pambali pa ya Giredi 9. Papepala mwana ankasankha yekha. M'sukulu zambiri za m'komboni a hedi ndi amene ankasankha, potengera mphunzitsi amene alipo ndi zipangizo zimene zatsala m'kabati: waikidwa mu 8B, basi phunziro la 8B ndi lako.

Phunziro la kompyuta ndilo linaonetsa poyera kusiyana kwa pepala ndi zenizeni. Pa mayeso oyamba a Giredi 9 a phunziroli mu 2015, ana ankadikirirana makina ochepa, magetsi akuzimazima chifukwa madzi anali atatsika ku damu la Kariba, ndipo m'sukulu zina anamaliza usiku, makolo akudikira pa geti.

Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka kusekondale ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana amene anali atakhala pakhomo anabwerera, moti m'makomboni kalasi ya ana 100 sinalinso yodabwitsa. Ndondomeko ina, ya 2023, inayamba mu 2025: dzina la Fomu 1 labwerera, mayeso a Giredi 9 akuthetsedwa, ndipo mwana akuyenera kulowa njira yake ya maphunziro akangofika kusekondale, n'kuitsata zaka zinayi. Ku Chawama ndi ku George, ambiri mwa ana amenewa akusankha pakati pa sayansi, ulimi ndi nyimbo asanalowepo mu labotale kapena kugwira chida choimbira, chifukwa ku pulayimale ankaweruka msanga kuti apereke mabenchi kwa gulu la masana.