Incognito si pobisalira: mmene mungasankhire ndi kukonza browser ya pa foni yanu

Ambirife tikagula foni timangogwiritsa ntchito browser yomwe tapeza kale mmenemo, basi. Koma browser imadziwa zambiri za inu kuposa mnzanu wapamtima: matenda omwe munafufuza usiku, ntchito yomwe mukufunsira mobisa, ngakhale masamba a zamasewera a njuga. Apa tiona ma browser odziwika, zomwe amachita ndi zinsinsi zanu, ndi zomwe mungasinthe lero popanda kuwononga bandulo yambiri.

Kodi amakutsatirani bwanji?

Njira yodziwika kwambiri ndi ma cookies, tizidutswa ta uthenga timene tsamba limasiya mu browser yanu. Ena ndi ofunika, monga omwe amakukumbukirani mukalowa pa akaunti yanu. Vuto ndi a third-party cookies, omwe amaikidwa ndi makampani otsatsa malonda osati tsamba lomwe mwalowalo. Ndi awa amene amachititsa kuti nsapato yomwe munaiona Lolemba izikutsatani pa masamba ena sabata yonse.

Ma browser odziwika

Chrome ndi ya Google ndipo inatuluka mu 2008. Ndi yachangu komanso imachenjeza za masamba oopsa, koma kumbukirani kuti ndalama zambiri za Google zimachokera ku zotsatsa malonda. Kampaniyi inalonjeza kuti ichotsa third-party cookies mu Chrome, koma mu 2024 inasintha maganizo. Ndiye muyenera kuwatseka nokha.

Firefox ndi ya Mozilla, inatuluka mu 2004. Kuyambira 2019 imatseka yokha ambiri mwa otsatira anthuwa, popanda inu kukhudza chilichonse. Pa Android mutha kuyikamo uBlock Origin, yomwe imatchinga zotsatsa.

Brave imatchinga zotsatsa ndi otsatira anthu kuyambira tsiku loyamba. Popeza zotsatsa zambiri sizitsitsidwa, bandulo nayo imakhalitsako.

Safari ya pa iPhone inayamba kuchepetsa kutsatiridwa kotere mu 2017.

Opera Mini ambiri timaikonda chifukwa imasunga data. Koma ikakhala pa Extreme, tsamba limayamba ladutsa pa makompyuta a Opera kuti alipanikize lisanafike pa foni yanu. Powerenga nkhani za mpira palibe vuto, koma polowa pa akaunti ya banki gwiritsani ntchito browser ina kapena app ya banki yomweyo.

UC Browser, ya kampani ya Alibaba, ili ndi mbiri yoipa pa nkhani imeneyi. Mu 2015 ofufuza a Citizen Lab ku Toronto anapeza kuti inkatumiza uthenga wa ogwiritsa ntchito mosatetezedwa bwino, ndipo mu 2020 dziko la India linailetsa limodzi ndi TikTok.

Zoona zake za Incognito

Apa ndi pamene ambiri timanamizika. Incognito imangopangitsa kuti foni kapena kompyuta yomweyo isasunge mbiri ya masamba omwe mwalowa mukatseka. Imathandiza mukabwereka foni ya mlongo wanu kapena mukakhala pa kafe ya intaneti. Koma kampani ya netiweki, mwini Wi-Fi ya kuntchito kapena kusukulu, ndi tsamba lomwe mwalowa, onse amatha kudziwa kuti mwafikako. Mukalowa pa Facebook muli mu Incognito, Facebook ikudziwa bwinobwino kuti ndi inu. Zinthu zomwe mwatsitsa nazo zimatsala mu foni. Google yomwe inasumilidwa ku America pa nkhani ya Incognito, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta mabiliyoni a zolemba zomwe inatolera.

Zoti musinthe

Mayina a mabataniwa amasiyanako pang'ono kutengera foni ndi mtundu wa app, koma mu Chrome amapezeka pansi pa Settings.

1. Pa Third-party cookies, sankhani kuwatseka.
2. Pa Privacy and security, yatsani Always use secure connections kuti muzichenjezedwa tsamba likakhala lopanda HTTPS.
3. Pa Site settings, onani Notifications, Location, Camera ndi Microphone. Chotsani tsamba lililonse lomwe simukulidziwa. Aja mauthenga akuti mwawina iPhone kapena foni yanu ili ndi virus nthawi zambiri amabwera chifukwa tsiku lina munadina Allow osawerenga.
4. Lowani pa myactivity.google.com muone zomwe Google yasunga za inu. Mutha kuzimitsa Web & App Activity kapena kuiuza kuti izifufuta yokha pakatha miyezi 3.
5. Browser ikapempha update, musazengereze. Ma update ambiri amatseka mipata yomwe akuba amalowerapo.

Link za pa Facebook, Instagram ndi TikTok

Mukadina link muli mu ma app amenewa, kawirikawiri tsamba limatseguka mu kabrowser ka mkati mwa app, osati mu Firefox kapena Brave yomwe mwaikonza bwino ija. Zonse zomwe munasintha sizigwira ntchito mmenemo. Dinani timadontho titatu pamwamba n'kusankha kutsegula mu browser yanu, makamaka ngati mukufuna kulemba pasiwedi kapena nambala ya foni.

Pa kompyuta ya eni ake

Mukapita kukasindikiza CV ku kafe kapena ku ofesi, browser ikafunsa ngati isunge pasiwedi, kanani. Mukamaliza tulukani pa akaunti yanu, musangotseka tsamba n'kunyamuka. Ndipo musalowetse akaunti yanu ya Google mu Chrome ya pa kompyuta imeneyo, chifukwa mapasiwedi anu ndi mbiri ya zomwe mumafufuza zitha kutsalira pomwepo, wobwera pambuyo panu n'kuzipeza.

Kuno ku Malawi tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo MACRA ndi yomwe inapatsidwa udindo woyang'anira. Ndi chinthu chabwino, komabe lamulo silingakudinireni mabatani. Mphindi khumi za pa Settings madzulo ano zikwanira.