Mayi ndi Mbalame pamalo ophera ng'ombe

Lero tiyende ulendo wautali pang'ono, mpaka ku Barcelona m'dziko la Espanha. Kumeneko kuli chipilala chotalika mamita 22, dzina lake Dona i Ocell, kutanthauza "Mayi ndi Mbalame" m'Chikatalani, chilankhulo cha eni dera. Koma mukachiona, mayiyo simumupeza msanga ayi. Ndi chimtondo chachitali cha simenti, chomatidwa zidutswa za matailosi ofiira, achikasu, obiriwira ndi abuluu. Pamutu chasenza ngati ng'oma yobowoka, ndipo pang'omapo pakhala kanthu kachikasu konga mwezi wongotuluka kumene. Mbalame ija ndi imeneyo, basi!

Mwini luso ndi Joan Miró, wobadwira mumzindawo mu 1893, ndipo matailosiwo anamata ndi Joan Gardy Artigas. Anachitsegulira mu 1983. Miró anamwalira pa 25 Disembala chaka chomwecho ali ndi zaka 90.

Nkhani yagona pa nthawi ndi malo. Kuyambira 1939 mpaka 1975 dzikolo linali m'manja mwa Franco, wolamulira mwankhanza amene anachotsa Chikatalani m'masukulu ndi m'maofesi a boma. Ife amene m'kalasi tinkamva Chipwitikizi chokhachokha, chilankhulo cha amayi titachisiya panja, zoterezi si zachilendo kwa ife. Masiku amenewo chipilala chimene anthu anazolowera chinali cha Franco mwini atakwera pa kavalo. Iye atafa, mzinda unayamba kusandutsa malo akale kukhala mapaki. Pomwe paima Mayi ndi Mbalame kale panali malo aakulu ophera ziweto zodyetsa mzinda wonse. Pamene pankayenderera magazi anaikapo dziwe la madzi, n'kuimikamo chinthu chosaopseza munthu, chongosekesa maso.

Ena amati, "Zachibwana izi, mwana wanga angaumbe." Ine sindivomereza. Kodi Kasiyamaliro amafanana ndendende ndi nyama iti ya m'tchire? Komatu akatulukira pabwalo palibe amafunsa zimenezo, mtima umadziwa wokha. Nkhalamba yofika pafupi ndi manda n'kusankha masewera mmalo mwa lupanga, imeneyo inkadziwa chimene ikuchita.

Mphatso za Miró kumzinda wake zinali zitatu, zolonjera alendo. Obwera pandege amakumana ndi khoma la matailosi la 1970 pabwalo la ndege, obwera pamtunda ndi chipilalachi. Obwera panyanja anawayalira chithunzi pansi penipeni, mumsewu wa La Rambla, mu 1976, ndipo mpaka lero anthu amachiponda ndi nsapato, ambiri osadziwa n'komwe.