Ana a ku Kastamonu Amene Sanabwerere Kwao

Chakumpoto kwa dziko la Turkey, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, kuli dera la mapiri ndi nkhalango lotchedwa Kastamonu. Pa nkhondo imene Aturuki anamenya kuyambira 1919 kufikira 1922, pofuna kuombola dziko lao, adani sanalande mudzi ndi umodzi womwe m'deralo. Koma taonani, owerenga, maliro a nkhondoyo analiridwa m'midzi yake yambiri. Zinatheka bwanji?

Turkey atagonja pa nkhondo yaikulu mu 1918, maiko opambana anayamba kugawana dzikolo. Pa 15 May 1919 asilikari Achigriki anatsika pa dooko la İzmir, nayamba kulowa m'kati. Tsono Mustafa Kemal anasonkhanitsa akulu a dziko ku Ankara mu April 1920, naitana amuna ku nkhondo. Midzi ya Kastamonu inali itapereka kale ana ake ku nkhondo za Balkan mu 1912 ndi ku Çanakkale mu 1915. Otsalawo ananyamukanso, nasiya minda m'manja mwa akazi ndi nkhalamba.

Nkhondo yoopsa inali pa mtsinje wa Sakarya, pafupi ndi Polatlı. Inayamba pa 23 August 1921, nikhala masiku 22, usana ndi usiku, kufikira Agriki anabwerera m'mbuyo. Aturuki oposa 5,000 anafa pamenepo, ndipo pakati pao panali ana a ku Kastamonu. Ena anagwa chaka chotsatira pa Dumlupınar, masiku owerengeka İzmir asanaomboledwe pa 9 September 1922. Manda ao ali kutali ndi kwao, kumene amai ao sanakhoze kufikako.

Otsala kumudzi sanakhale manja lende. Mfuti ndi zipolopolo zochokera ku İstanbul ndi ku Russia zinkafika pa dooko laling'ono la İnebolu, ndipo panalibe njanji yopita nazo ku Ankara, mtunda woposa mamailosi 200. Chotero akazi anazinyamula pa ngolo za ng'ombe, kudzera Kastamonu, mapiri a Ilgaz ndi Çankırı. Anthu a kumeneko amasimba za mai wina, Şerife Bacı, amene anafa ndi chisanu mu December 1921 pafupi ndi mzinda wa Kastamonu, atafunditsa katundu wa nkhondo ndi mwana wake wakhanda. Mu 1924 boma linapatsa İnebolu mendulo ya ulemu chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mu 1998 boma la Turkey linasindikiza mabuku asanu a maina a asilikari akufa, otchedwa Şehitlerimiz. Pakuti lamulo lakuti banja lililonse likhale ndi dzina lake linadza mu 1934, asilikari aja analembedwa monga ankaitanidwa kwao: dzina la munthu, la atate wake, ndi dera lochokera. Zidzukulu zofuna agogo ao zimasanthula m'mizere imeneyi.

Mtendere unalembedwa ku Lausanne pa 24 July 1923, ndipo mabuku a mbiri amatchula akazembe ndi nduna zimene zinauchita. Koma wofuna kudziwa mtengo wake ayenera kuwerenga maina aja, limodzi limodzi, ndi kukumbukira kuti pa dzina lililonse panali munda umene unasowa woulima.