Miseu ya m'Komboni ya George

Pamene Boma la Northern Rhodesia linasankha Lusaka m'caka ca 1931 kuti akhale likulu la dziko m'malo mwa Livingstone, malowo anali kamudzi ka pa njanji, ka masitolo owerengeka ndi pfumbi lambiri. Katswiri wa ku Mangalande, Stanley Adshead, ndiye anaitanidwa kudzalinganiza mzinda watsopanowo. Iye analemba mzinda wa miseu yotakata ndi nyumba zotalikirana pakati pa mitengo ya mthunzi, mzinda wokomera munthu wa galimoto. Likulu linasamuka m'caka ca 1935.

Koma anthu akuda amene anaumba njerwa ndi kusenza miyala sanawerengedwe ngati eni mzinda. Boma linawayesa alendo odzagwira nchito, amene tsiku lina adzabwerera kwao. Ku Kabwata anawamangira tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, toyenera mbeta. Lamulo la 1948 ndilo linatsegula njira yomangira nyumba anthu a mabanja, ndipo pambuyo pace panamangidwa Matero ndi Chilenje watsopano. Komabe nyumba zotere zinali za munthu wolembedwa nchito. Nchito ikatha, nyumbanso yatha.

Tsono osowa pokhala anapita kwa eni mafamu a m'mbali mwa mzinda, namalipira kandalama kuti aloledwe kumanga. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri a mu Lusaka ali ndi maina a Azungu: John Howard, Marrapodi, ndi George amene ali kumadzulo kwa Matero. Ufulu utabwera m'caka ca 1964, citupa cinatha mphamvu, ndipo anthu anakhamukira ku mzinda. Mu George nyumba za zidina zinamera ngati bowa. Atsogoleri a cipani ndiwo anali kugawa malo, koma pakati pa nyumba panali tinjira ta miyendo cabe. Mvula ikagwa, wodwala anali kunyamulidwa pamanja kufikira kumene galimoto ingathe kuima.

Kwa zaka zambiri maganizo a akulu a mzinda anali akuti makomboni otere ngofunika kugwetsa. Maganizowa anatembenuka m'caka ca 1974, pamene panakhazikitsidwa lamulo lolola kuti komboni ivomerezedwe ndi kukonzedwa pomwe iri, ndi kuti mwini nyumba alandire cikalata cokhalira pamalopo zaka 30. Banki ya Dziko Lonse inabwereketsa ndalama za miseu ndi mipopi ya madzi mu George, Chawama ndi Chaisa.

Apa ndipo panagona bvuto leni-leni. Mseu sungapite pakati pa nyumba zothithikana popanda kugwetsako zina. Nanga igwe ya yani? Akadalemba mzere munthu wa mu ofesi, pakadabuka ndeu. M'malo mwace m'cigawo ciri conse munasankhidwa kagulu ka atsogoleri a komweko kolinganiza miseu. Iwowa anayenda pansi pamodzi ndi akatswiri a Kanselo, kuima pakhomo ndi pakhomo, kukambirana ndi kutsutsana. Katswiri anali kunena pamene madzi a mvula adzayenda. Eni mudzi anali kunena njira imene anthu azolowera popita ku msika ndi ku nchito, ndi nyumba imene mwini wace sangathe kumanganso. Mzere ukabvomerezedwa, nyumba zoima panjira zinali kuikidwa cizindikilo, ndipo eni ace anapatsidwa malo atsopano pafupi pomwepo ndi ngongole ya zomangira. Ena anakondwa kusamuka, popeza malo atsopanowo anali aakulupo. Wodutsa m'makomboniwa akaona mseu wokhota asafulumire kunyoza woulemba. Kawiri-kawiri kukhotako ndi nyumba ya munthu imene inapulumuka.

Si zonse zinayenda bwino ai. Ambiri analeka kupereka ndalama za mwezi ndi mwezi, ena cifukwa ca umphawi, ena poona kuti zinyalala sizicotsedwa ndipo mipopi yauma. Mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, Kanselo inasowa ndalama, ndipo miseu inakumbika osakonzedwa. Kampani ya mabasi a Boma, UBZ, inatsekedwa m'caka ca 1995, ndipo nchito yonyamula anthu a mu George kupita nao m'tauni inatsalira timabasi tating'ono ta anthu wamba, todzera m'miseu yomwe ija imene makolo ao anaipima ndi mapazi.